Zolemba za Ntchito: Tebulo Lomatidwa ndi Guluu wa Zikopa

Sabata yoyamba

Ndayamba kulemba m'kope lino kuti ndizisunga zimene ndachita, zimene zakanika, ndiponso chifukwa chimene ndikuganiza kuti zakanikira, pa ntchito yopanga tebulo limodzi la miyendo inayi, la masentimita 140 m'litali ndi masentimita 75 m'lifupi. Lamulo limene ndadziikira ndi lakuti m'tebulo limeneli musalowe guluu wa m'botolo wopangidwa ndi mankhwala a m'fakitale, ndipo pamwamba pake pasapakidwe vanishi wa pulasitiki. Zomatira ndi zopaka zonse zichokere ku nyama, ku mbewu kapena ku tizilombo, monga mmene akalipentala ankachitira kwa zaka masauzande guluu woyera wa PVA asanafale pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Chimene chandipangitsa kuyesa njira imeneyi ndi mipando yambiri imene ndaiona itatayidwa matabwa ake akadali abwinobwino, chofooka chili polumikizira pokha. Mpando umene unamatidwa ndi PVA ukayamba kugwedera, guluu watsopano sagwira bwino pa wakale, choncho munthu amayenera kupala zotsalira zonse mpaka kufika pa thabwa lenileni, ndipo popalapo amachepetsa tenoni (nsonga yosemedwa ya thabwa imene imalowa m'bowo la linzake), polumikizira n'kukhala pokhwepa kuposa kale. Akakonza kawiri kapena katatu, mpandowo umakhala nkhuni. Guluu wa zikopa alibe vuto limeneli, chifukwa amasungunukanso ndi madzi otentha ngakhale papite zaka zambiri, ndipo watsopano amagwirana ndi wakale popanda kupala. Kwa ine, kusamala mitengo pa ntchito ya ukalipentala kwagona pamenepa: mtengo umene unatenga zaka makumi angapo kuti ukule uyenera kukhala chinthu chimene chingamasulidwe, kukonzedwa ndi kumangidwanso.

Matabwa ndawatenga ku zitseko zitatu zakale za mtengo wolimba wofiirira. Penti wake sindinamukwechese ndi sandipepala, popeza penti wakale kawirikawiri ankakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi loipa m'thupi. Ndinamunyowetsa n'kumupala ndi chitsulo, zinyalala zake n'kuzisonkhanitsa zili zonyowa. Pamene panali misomali ndi zomangira zachitsulo patsala mawanga akuda bii olowerera m'kati mwa thabwa. Mawanga amenewa akundiuza kuti mtengowu uli ndi tannin wambiri (mankhwala achilengedwe opezeka m'mitengo ina), chifukwa tannin akakumana ndi chitsulo pali chinyezi amada choncho, ndipo zimenezi ndiyenera kuzikumbukira posankha guluu. Kachipangizo koyezera chinyezi kasonyeza magawo 11 mpaka 13 pa 100 alionse. Ndawasanja matabwawo m'chipinda chogwirira ntchito, n'kuika timitengo pakati pawo kuti mpweya uzidutsa, ndipo akhala pamenepo masabata awiri.

Sabata yachitatu

Sabata ino yonse yapita pophunzira kuphika guluu. Guluu wa zikopa amachokera ku collagen, puloteni imene imalimbitsa chikopa, minyewa ndi mafupa a nyama, ndipo amagulitsidwa ali wouma, timibulu tachikasu tooneka ngati mchenga waukuluukulu. Mphamvu yake imalembedwa ndi manambala monga 192, 251 ndi 315. Nambala ikamakwera, guluuyo amakhala wolimba koma amaundana msanga, motero ndasankha 192, amene ambiri opanga mipando amagwiritsa ntchito chifukwa amapatsako munthu kanthawi. Luso limeneli ndi lakalekale: m'manda a Rekhmire, nduna yaikulu ya farao, ku Thebes, m'dziko la Egypt, muli chithunzi cha zaka zoposa 3,400 zapitazo chosonyeza amisiri akutenthetsa guluu pamoto ndi kumupaka pa thabwa, ndipo opanga zeze za violin mpaka lero sanamusiye, chifukwa chida chotere chimafunika kutsegulidwa pokonza popanda kuswa thabwa lake.

Ndinathira magalamu 50 a timibuluto m'botolo lagalasi pamodzi ndi magalamu 95 a madzi ozizira, n'kusiya usiku wonse. M'mawa timibulu tonse tinali titamwa madzi, titafufuma n'kugwirana ngati phala lolimba lonjenjemera. Botololo ndinaliika m'poto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni, ndipo ndinaviika choyezera kutentha kuti ndisapitirire madigiri 60. Pamenepa ndi pamene pali chinsinsi chonse. Guluu akawira, kapena akakhala nthawi yaitali pa kutentha kopitirira pamenepo, mapuloteni ake amaduka ndipo mphamvu yake imathawa, ngakhale m'maso aoneke wabwinobwino. Kuti ndidziwe ngati wafika, ndimatukula burashi m'mwamba: akamatsika ngati ulusi wosaduka ndiye kuti ali bwino, akamagwa madontho ndiye kuti madzi achuluka, ndipo akamakakamira pa burashi ndiye kuti afunika madzi otentha pang'ono. Pamwamba pake pamachita kachikopa kopyapyala pakapita mphindi zochepa, chimene ndi chizindikiro chakuti madzi akuuluka ndipo ndiyenera kumaonjezera.

Ndinamata tizidutswa ta matabwa tiwiritiwiri, tonse pamodzi mapeya asanu ndi limodzi, n'kudikira maola 24 ndisanatimenye ndi hamala. Pa mapeya anayi, chimene chinasweka ndi thabwa, ulusi wake n'kutsalira pa mnzake, kusonyeza kuti guluu anali wolimba kuposa mtengowo. Awiri otsalawo anapatukana pa mzere wa guluu penipeni, ndipo pamalopo panali posalala ndi ponyezimira. Awiriwa ndi amene ndinachedwa kuwaphatikiza. Guluu ameneyu akachoka m'poto n'kukhudza thabwa lozizira, amayamba kuundana pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo akaundana salowanso m'timabowo ta thabwa. Guluu wotsala ndikumusunga pozizira kwambiri, ndipo akayamba kununkha kapena kuchita chuku ndimamutaya, popeza ndi chinthu cha nyama ndipo chimaola.

Sabata yachinayi

Pamwamba pa tebulo papangidwa ndi matabwa asanu. Ndinawapala m'mbali mpaka awiri alionse akagundana pasaoneke kuwala pakati pawo, chifukwa guluu wa zikopa sadzaza mipata. Amafuna matabwa ogwirana bwino. Ndinatenthetsa mbali zonse ziwiri kuti zikhale zofunda pozigwira, ndinapaka guluu mofulumira, kenako ndinatikita thabwa limodzi pa linzake, kupita ndi kubwera, kanayi kapena kasanu. Poyamba limatsetsereka mosavuta, kenako mwadzidzidzi limagwira, n'kumveka m'manja ngati chinachake chalikoka kuchokera m'kati. Guluu ameneyu akamauma amafota, ndipo pofotapo amakokera matabwa pamodzi, n'chifukwa chake amisiri akale ankalumikiza matabwa aafupi popanda zopanira. Ine ndinaikabe zopanira popeza matabwawa ndi aatali, ndipo ndinkalumikiza limodzi pa tsiku m'malo mothamangira onse asanu nthawi imodzi. Guluu wotuluka m'mbali ndinamusiya theka la ola kuti achite ngati labala, n'kumusenda ndi tchizulo. Anachoka wonse ngati chingwe, osasiya banga.

Sabata yachisanu

Lachiwiri ndinalumikiza miyendo ndi mitanda yake, ndipo pamenepa ndinalakwitsa. Kunali kozizira m'mawa umenewo, ndipo ndinayesa kumata matenoni anayi nthawi imodzi m'malo mwa awiri. Pamene ndinkafika pa wachinayi, guluu wa m'motisi, bowo lolowamo tenoni, anali ataundana kale, tenoni inakana kulowa yonse, ndipo ngakhale ndinamanga zopanira mwamphamvu, panatsala mpata wa mamilimita awiri pa phewa lake. Tsiku lotsatira nditayeza kuchokera pangodya ina kufika pangodya yopingasa nayo, mbali ziwirizo zinasiyana ndi mamilimita 9, ndipo mwendo umodzi unali wopendekera moonekeratu.

Ndikulemba zimene zinatsatira mwatsatanetsatane chifukwa ndi zimene ntchito yonseyi ikufuna kutsimikiza. Ndinakulunga polumikizirapo ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, n'kumaisintha ikazizira, ndipo mumpata uja ndinadonthezamo madzi otentha pang'onopang'ono. Patapita mphindi ngati makumi awiri, ndinamva fungo la guluu likubwerera, lija limamveka m'poto. Ndinagwedeza mwendo ndi dzanja, ndipo unayankha pang'ono. Ndinapitiriza ndi madzi otentha kwa mphindi zina khumi, kenako ndinaika kathabwa pa mwendo n'kumenyapo kawiri ndi hamala yamtengo, ndipo tenoni inatuluka yathunthu, yosang'ambika ngakhale pang'ono, ili ndi guluu wofewa wotelera. Ndinaipukuta, ndinaisiya masiku awiri kuti chinyezi chichoke, ndipo Lachisanu masana, kutafunda, ndinaimatanso nditayamba ndatenthetsa motisi ndi tenoni. Inalowa mpaka pa phewa, ndipo ngodya zonse tsopano zikugwirizana ndi sikweya. Ndikanakhala kuti ndinamata ndi epoxy, guluu wa m'fakitale wosasungunuka ndi madzi, mwendo umenewo ndikanaudula ndi sowo, ndipo matabwa a zitseko zija sakanakwana kupanga wina.

Ndaphunzirapo kuti ntchito yolumikiza iyenera kuyesedwa kaye popanda guluu, zopanira zonse zitatsegulidwa kale pa muyeso wake ndi kuikidwa pafupi ndi dzanja. Ena amathira urea kapena mchere m'guluu kuti achedwe kuundana, ndipo njirayo imagwira, koma imachepetsako mphamvu yake; ndaona kuti ndi bwino kugawa ntchito m'magawo ang'onoang'ono. Pa tenoni iliyonse ndakhomanso chikhomo chamtengo chopyoza mwendo, kuti kulemera kusamagwere pa guluu yekha. Guluu wa zikopa amafooka pamalo a chinyezi chambiri chokhalitsa, motero tebulo limeneli ndi la m'nyumba basi, ndipo polumikizira payenera kugwira pokha ngakhale guluu atafewa.

Thabwa lapamwamba sindinalimate ku mitanda. Mtengo umafufuma ndi kufota m'lifupi malinga ndi nyengo, pamene m'litali sumasintha kwenikweni, ndipo thabwa la masentimita 75 likhoza kuyenda mamilimita angapo pa chaka. Ndaligwiritsa ndi timatabwa tating'ono tolowa m'ngalande imene ndasema m'kati mwa mitanda, kuti lizitha kuyenda popanda kung'ambika.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Ndinafuna kudziwa ngati guluu wa mkaka angathandize pamalo ofuna kupirira chinyezi, choncho ndinamuyesa pa zidutswa zotsala. Pafupifupi magawo 80 pa 100 a mapuloteni a mu mkaka wa ng'ombe ndi casein, ndipo amisiri a ku Ulaya ankamusakaniza ndi laimu kalekale. Theophilus, amene analemba za luso la manja m'zaka za m'ma 1100, anafotokoza kale njira imeneyi, ndipo pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse guluu wa mtundu womwewu ankamata matabwa a ndege. Ndinatenthetsa pang'ono mkaka wochotsedwa mafuta, ndinathiramo viniga mpaka unagwirana zibumazibuma, ndinasefa pa nsalu, ndinatsuka zibumazo ndi madzi kangapo kuti asidi achoke, kenako ndinazitikita ndi laimu wonyowetsa kale. Poyamba zinkaoneka ngati sizigwirizana, koma patapita mphindi zochepa zinasanduka phala losalala lomata. Laimu amaotcha khungu ndi maso, choncho magolovesi ndi magalasi n'zofunika.

Guluuyu ali ndi ubwino waukulu: amapakidwa wozizira, amapatsa munthu nthawi yokwanira, ndipo chidutswa chimene ndinachiviika m'madzi usiku wonse sichinapatukane, pamene cha guluu wa zikopa chinamasuka chokha. Koma pa mtengo wofiirira uja, laimu anakumana ndi tannin, ndipo m'mbali mwa mzere wa guluu munatuluka banga lakuda limene silinachoke ngakhale nditapala. Pa paini sipanaoneke banga lotere. Chinanso n'chakuti akauma salola kumasulidwa mosavuta, chimene chikutsutsana ndi cholinga cha tebulo lino. Choncho casein salowa m'ntchito imeneyi, ngakhale ndikuona kuti pa zinthu za mtengo woyera zokhala pamalo onyowanyowa ndidzamubwereranso.

Sabata yachisanu ndi chiwiri mpaka yachisanu ndi chinayi

Zopaka ndinaziyesa pa thabwa limodzi logawidwa m'zigawo zinayi: mafuta a linseed osasakaniza, mafuta a tung, shellac (utomoni wochokera ku kachilombo), ndi phula la njuchi palokha. Chilichonse chitauma ndinaikapo dontho lalikulu la madzi kwa ola limodzi, kenako kapu ya madzi otentha kwa mphindi khumi. Phula palokha linalephera msanga, madzi n'kusiya banga loyera. Shellac anakana madzi ozizira koma kapu yotentha inamusiyira mkombero. Linseed analola madzi kulowa pang'ono, thabwa n'kuda pamalopo. Tung ndi amene anapirira bwino kuposa onse.

Mafuta awiriwa sauma chifukwa chakuti chinachake chauluka ayi. Amakoka okosijeni mumpweya, n'kumangana okhaokha mpaka kulimba m'kati mwa thabwa. Linseed amachokera ku njere za fulakesi, ndipo wosasakaniza amatenga masiku ambiri, nthawi zina masabata, kuti aume. Amene amagulitsidwa ndi dzina lakuti wowiritsa masiku ano kawirikawiri sakhala wowiritsa kwenikweni, koma amathiridwa mankhwala a zitsulo monga cobalt ndi manganese ofulumizitsa kuuma, ndipo kale ankathiramo mtovu. Tung amachokera ku njere za mtengo wa ku China wotchedwa Vernicia fordii. Naye ali ndi msampha wake, chifukwa zitini zambiri zolembedwa dzina lake zimakhala vanishi wosungunulidwa, mafuta enieniwo ali ochepa. Munthu wofuna zinthu zachilengedwe ayenera kuwerenga zolembedwa kumbuyo kwa chitini mosamala kuposa dzina la kutsogolo.

Pamwamba pa tebulo ndasankha tung. Kupaka koyamba ndinamusungunula ndi turpentine wochokera ku utomoni wa paini, theka ndi theka, kuti alowerere bwino, ndipo mtundu wa thabwa unadzuka pomwepo, mizere yake yofiira ndi yagolide n'kuonekera, mawanga a misomali aja n'kukhala ngati mbali ya mtengowo. Ndaganiza zowasiya, chifukwa akusonyeza kumene matabwawa achokera. Pa kupaka kwachitatu ndinachedwa kupukuta ngodya imodzi, ndipo m'mawa pamalopo panali potuwa, pokwinyika ndi pomata zala. Ndinadikira masiku anayi kuti palimbe, ndinapakwecha ndi sandipepala wosalala, n'kupakanso mopyapyala. Tsopano ndimapaka, ndimadikira mphindi makumi awiri kapena makumi atatu, kenako ndimapukuta mpaka nsalu youma isatengeponso kanthu, ndipo ndimasiya masiku atatu kapena anayi ndisanabwereze.

Nkhani ya nsanza ndiyenera kuilemba momveka. Mafuta akamakoka okosijeni amatulutsa kutentha, ndipo nsanza zonyowa ndi mafuta zikaunjikidwa, kutenthako kumasowa kothawira mpaka zimayaka zokha popanda machesi. Moto umene unaononga nyumba yaitali ya One Meridian Plaza ku Philadelphia, m'dziko la America, mu 1991, n'kupha ozimitsa moto atatu, unayamba ndi nsanza za linseed zimene zinasiyidwa mulu. Nsanza iliyonse ndimaiyala panja payokha, pa simenti, mpaka itauma gwa, kapena ndimaimiza m'chitini cha madzi chokhala ndi chivundikiro.

Miyendo ndi mitanda, kumene sikufika kapu yotentha, ndapaka shellac. Ameneyu ndi utomoni umene kachilombo kotchedwa Kerria lacca kamatulutsa pa nthambi za mitengo, makamaka ku India ndi ku Thailand, ndipo amagulitsidwa ali tizipalapala topyapyala tosungunulidwa mu sipiriti. Ndinali ndi botolo losungunula kale la chaka chatha, koma nditadontheza pa galasi, dontholo linali lofewabe tsiku lotsatira, chifukwa shellac akakhalitsa mu sipiriti amasintha ndipo saumanso bwino. Ndinasungunula watsopano, magalamu 60 mu theka la lita, amene ndi wopyapyala ndithu, ndipo ameneyu amauma m'mphindi zochepa. Ndinapaka ndi kampira ka thonje kokulungidwa m'nsalu yosalala, katatu pa tsiku kwa masiku awiri, mawindo ali otsegula ndiponso kutali ndi moto. Chimene chandikondweretsa n'chakuti shellac ali ndi khalidwe lofanana ndi la guluu uja: wopakidwa lero amasungunula pang'ono wadzulo n'kukhala chinthu chimodzi, motero pokandika pamakonzedwa pokhapo popanda kuchotsa zonse.

Sabata yakhumi

Pamwamba papakidwa kasanu, ndipo pakunyezimira modekha, kuwala kooneka ngati kukuchokera m'kati mwa thabwa. Ndikanunkhiza pafupi ndikumvabe fungo la mafuta, chizindikiro chakuti sanathe kulimba, choncho phula liyamba ladikira. Kulipaka msanga kungatseke mpweya umene mafutawo akufunikabe. Padakali pano ndaphika phulalo: magawo anayi a phula la njuchi, limene limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndi gawo limodzi la carnauba, phula lolimba la masamba a mgwalangwa wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, limene limafuna madigiri opitirira 80. Ndinasungunulira m'chitini choikidwa m'madzi otentha, ndinazimitsa moto, n'kupita nacho panja ndisanathiremo turpentine. Litazizira lakhala lofewa moti chala chimalowa, ndipo pa mwendo umodzi pamene ndayesa, latsetsereka bwino pa shellac.

Kunsi kwa thabwa lapamwamba ndalemba ndi pensulo mtundu wa guluu, mphamvu yake ya 192, zopaka za mbali iliyonse, ndi mawu akuti polumikizira pamamasuka ndi madzi otentha zikhomo zikachotsedwa, kuti amene adzalikonze asadzayambe ndi sowo. Zotsala ndi kudikira masabata atatu kuti tung alimbe, kubwerezanso mayeso a kapu yotentha pa ngodya yakumbuyo, kupaka phula, ndi kuyeza m'lifupi mwa thabwa lapamwamba mwezi uliwonse kuti ndione mmene likuyendera. Muyeso wa lero ndi mamilimita 751.